Denali Ikuchita Bwino Kukaniza Alendo Ake

Ku Alaska, chigawo cha dziko la America chimene chili kumpoto kwenikweni, kuli paki yotchedwa Denali. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 24,000, kutanthauza kuti yangotsala pang'ono kufanana ndi chigawo chonse cha kumpoto kuno kwathu. M'dera lalikulu chonchi muli msewu umodzi wokha, wotalika makilomita 148, ndipo mbali yake yaikulu ndi yafumbi. Mlendo amene wabwera pa galimoto yake amaloledwa kuyenda makilomita 24 oyambirira basi. Akafika pa mtsinje wa Savage amapeza mlonda, ndipo ngati alibe chilolezo chapadera amabwezedwa. Wofuna kupitirira ayenera kukwera basi pamodzi ndi anthu ena, kupalasa njinga, kapena kuyenda wapansi. Akatsika basiyo n'kulowa m'tchire sapeza njira yolambula, sapeza chikwangwani cholozera, ndipo foni yake sigwira netiweki.

Munthu amene walipira ndege kuchokera kutali akhoza kuona ngati akumuchitira nkhanza. Ndalama wapereka, nanga amukaniziranji kuyendetsa galimoto yake mpaka kumapeto? Bwanji osamulambulira njira zabwino kuti akafike pafupi ndi nyama? Maganizo anga ndi akuti oyang'anira Denali akuchita bwino. Malamulo amene amaoneka ngati akumana mlendo ndi omwewo amene akusunga chinthu chimene mlendoyo wadzera. Paki ya mtundu umenewu ikangoyamba kuvomera chilichonse chimene alendo apempha, pakatha zaka zochepa sikhalanso ndi choti iwaonetse.

Dziko losachedwa kuvulala

Anthu amapita ku Denali chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba ndi phiri lalitali kuposa onse ku North America, lotalika mamita 6,190, kuposa kawiri kutalika kwa Sapitwa. Chachiwiri ndi nyama zisanu zimene aliyense amalakalaka ataziona: chimbalangondo cha mtundu wa grizzly, mmbulu, nkhosa zoyera za m'mapiri zotchedwa Dall, caribou, ndi moose. Caribou ndi nyama yokhala ngati mbawala yaikulu ya nyanga zanthambinthambi, yoyenda m'magulu. Moose ndi chinyama cha miyendo italiitali chimene champhongo chake chimatha kulemera makilogalamu oposa 500.

Kuti timvetse malamulo a pakiyi tiyenera kumvetsa kaye nyengo yake. Kumeneko nthawi yofunda ndi miyezi itatu kapena inayi, kuyambira June mpaka pakati pa September. M'mwezi wa June dzuwa limakhala m'mwamba maola oposa 20 pa tsiku, koma nyengo yozizira ikafika kumada nthawi yaitali ndipo kuzizira kumatha kutsika mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Mitengo imamera m'zigwa mokha. Ukangokwera pang'ono mitengo imatha, n'kutsala dziko la tizitsamba tating'onoting'ono, ndere ndi udzu waufupi, limene amalitcha tundra. M'malo ambiri pansi pa tundra pali nthaka imene imakhala youndana chaka chonse.

Pa dziko lotere chilichonse chimakula mochedwa. Ndere zimene caribou imadya m'nyengo yozizira zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso zikapondedwa. Chifukwa chakudya n'chochepa, nyama nazo n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa malo. M'paki yonseyi mimbulu sifika ngakhale 150. Chimbalangondo chimakhala ndi miyezi yowerengeka yoti chikumbe mizu, chidye zipatso zam'tchire ndi kusaka agologolo, kuti chinenepe chisanakagone m'dzenje mwake pafupifupi theka la chaka. Nkhosa yam'phiri ikathamangitsidwa ndi phokoso la galimoto imawononga mafuta amene akanaithandiza kupirira chisanu. Choncho kusokoneza nyama ku Denali si nkhani ya ulemu chabe. Nyama imene yasiya kudya kangapo pa tsiku chifukwa cha alendo ikhoza kulephera kufika chaka chamawa.

Msewu umodzi ndi basi

Pakiyi inayamba chifukwa cha nkhosa zomwezi. Charles Sheldon, yemwe anali mlenje komanso wokonda kuphunzira za nyama, anakhala nyengo yonse yozizira ya 1907 mpaka 1908 m'kanyumba kamitengo pafupi ndi mtsinje wa Toklat. Anaona alenje akupha nkhosa zambiri kuti akagulitse nyama kwa anthu okumba golide, ndipo anazindikira kuti njanji ikadzafika zinthu zidzaipiratu. Analimbikira kwa zaka zingapo mpaka pa 26 February 1917 pamene Pulezidenti Woodrow Wilson anasaina lamulo lokhazikitsa pakiyi. Ntchito yolambula msewu inayamba mu 1923 ndipo inatha mu 1938.

Patapita zaka, boma linaganiza zokulitsa msewuwo ndi kuuthira phula kuti magalimoto azithamanga. Mmodzi mwa amene anatsutsa mwamphamvu anali Adolph Murie, katswiri wa zamoyo amene anayamba kufufuza mimbulu ya m'pakiyi mu 1939. Kafukufuku wake, amene anasindikizidwa mu 1944, anasonyeza kuti mimbulu imagwira kwambiri nkhosa zokalamba, zodwala ndi zazing'ono, ndipo sinali mdani wofunika kumutha monga ambiri ankaganizira. Murie ankaona kuti msewu waukulu usandutsa paki kukhala malo ongodutsamo. Mawu a iye ndi anzake anamveka, ndipo mpaka lero phula limathera pa mtsinje wa Savage.

Chiyeso chachikulu chinabwera pamene msewu wa George Parks, wolumikiza mizinda ya Anchorage ndi Fairbanks, unatha mu 1971. Kale anthu ambiri ankafika pa sitima yapamtunda, koma tsopano aliyense wa galimoto akanatha kufika pachipata m'maola ochepa. Oyang'anira sanadikire kuti aone kaye kuwonongeka. Mu 1972 anatseka msewu wa m'kati kwa magalimoto a alendo n'kuika mabasi. Chaka chomwecho chiwerengero cha alendo chinawirikiza kawiri. Mu 1986 anaika malire a magalimoto 10,512 pa nyengo yonse ya alendo, ndipo mu 2012 anakonza dongosolo latsopano lakuti magalimoto odutsa pa Savage asapitirire 160 pa maola 24.

Taganizirani chimene basi imachita. Anthu makumi anayi amene akanabwera ndi magalimoto makumi awiri amalowa m'galimoto imodzi. Nyama yofuna kuwoloka msewu imapeza mpata pakati pa basi ina ndi inzake. Dalaivala amaudziwa msewu, amadziwa malamulo, ndipo salola munthu kutsika pamene chimbalangondo chili pafupi. Wina akaona nyama amangofuula kuti basi iime, dalaivala n'kuima, anthu onse n'kukhala chete, manja ndi makamera zili m'kati mwa mawindo. Chifukwa basi sizithamangitsa nyama ndiponso sizizipatsa chakudya, nyama zambiri zimangopitiriza zimene zikuchita. Mlendo amaona chimbalangondo chikukumba, osati chikuthawa.

Pali phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri. M'basi muli maso makumi asanu ndi atatu. Kadontho koyera pa phiri kamene woyendetsa galimoto yake sakanakaona, mwana wa pa mpando wakumbuyo amakaona n'kuuza onse kuti ndi nkhosa. Ndiponso wolemera ndi wopeza pang'ono amadya fumbi limodzi, amaima pamalo amodzi. Ndalama sizigula mwayi woyandikira nyama kuposa anzako. Paki ya boma iyenera kukhala yotero.

Kuyenda popanda njira

Lamulo limene limadabwitsa kwambiri ndi lokhudza oyenda pansi. Pafupi ndi chipata pali njira zingapo zokonzedwa, monga yopita ku nyanja ya Horseshoe, yozungulira mtsinje wa Savage ndi yokwera phiri la Healy. Koma m'kati mwenimweni, dala, mulibe njira. Mabasi obiriwira amakutsitsa pamalo alionse amene wasankha, bola pasakhale nyama pafupi kapena chiletso, ndipo ukatopa umabwerera pamsewu n'kuimitsa basi ina imene ili ndi malo. Kopita usankha wekha ndi mapu ako.

Wofuna kugona m'tchire amatenga chilolezo, ndipo chilolezocho n'chaulere. Paki inagawidwa m'zigawo 87, ndipo m'zigawo 41 muli malire a anthu amene angagonemo usiku umodzi. Chigawo chikadzaza, chadzaza, usankhe china. Asanakupatse chilolezo amakuphunzitsa za zimbalangondo ndi za mitsinje. Amakubwereka chigubu cholimba chimene chimbalangondo sichingatsegule, ndipo chakudya chonse, ngakhale mankhwala otsukira mano, zimalowa mmenemo. Tenti imangidwe patali ndi msewu, mamita osachepera 800, pamalo poti okwera basi sangaione. Pophikira, posungira chakudya ndi pogona pakhale potalikirana mamita pafupifupi 90. Anthu akakhala gulu amauzidwa kuti asamayende mondondozana koma amwazikane, kuti mapazi ambiri asaponde malo amodzi n'kuyambitsa njira.

Wina angafunse kuti vuto la njira n'chiyani. Njira imakoka anthu. Pamene pali njira pamabwera khamu, khamu likabwera pamafunika milatho, zimbudzi ndi zikwangwani, ndipo nyama zimasamuka. Pa tundra, kanjira kamene kapondedwa nyengo imodzi kamakhala chipsera kwa zaka zambiri, ndipo madzi akayamba kuyendamo kamasanduka ngalande. Malire a anthu ogona m'chigawo amachititsa kuti munthu ayende masiku atatu osakumana ndi wina aliyense. Chinthu chimenechi chikusowa pa dziko lapansi, ndipo sichingagawidwe kwa anthu zikwi nthawi imodzi popanda kuchitha.

Kuyenda kotere kumaphunzitsanso munthu zimene njira yokonzedwa singamuphunzitse. Pa tundra yonyowa phazi limamira ngati ukuponda matiresi, moti makilomita asanu amatopetsa ngati khumi ndi asanu. M'zigwa muli zitsamba zowirira zoposa msinkhu wa munthu. Mitsinje imachokera ku madzi oundana a m'mapiri, ndi yozizira koopsa, yamatope, ndipo imagawikana timifuleni tambirimbiri pa mchenga ndi miyala. Palibe mlatho. Woyenda amaphunzira kuwoloka m'mawa madzi asanachuluke, popeza dzuwa likakwera ayezi amasungunuka kwambiri ndipo mtsinje umadzaza masana. Amaphunzira kumasula lamba wa chikwama asanalowe m'madzi, kusankha pamene mtsinje watambalala, ndi kubwerera ngati madzi akula. Woyenda ndi mapu amayang'ana dziko. Woyenda m'njira yokonzedwa nthawi zambiri amangoyang'ana mapazi a amene ali patsogolo.

Ngozi ilipo, ndipo sindikuichepetsa. Kunja pang'ono kwa malire a pakiyi, m'njira ya Stampede, kunali basi yakale imene Christopher McCandless anamwaliriramo mu 1992 atakanika kuwoloka mtsinje wa Teklanika pobwerera. Nkhani yake itatchuka, anthu ambiri ankapita kukaona basiyo. Awiri anamira mu mtsinje womwewo, wina mu 2010 wina mu 2019, mpaka boma la Alaska linaichotsa pa helikopita mu 2020. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti tchire lopanda njira limafuna munthu wofunsa ndi womvera. Safunsa anadya phula. Maphunziro amene paki imakakamiza usanalandire chilolezo ndi mbali ya ulendo, osati chopinga.

Mtunda wa ulemu

Lamulo limati munthu atalikire chimbalangondo mamita 275, ndipo nyama zina zonse mamita 23. Woyenda pansi azipanga phokoso, makamaka m'zitsamba ndi m'mbali mwa mtsinje, kuti chimbalangondo chimumve akadali kutali n'kupatuka. Akakumana nacho asathawe, chifukwa kuthawa kumachidzutsa mtima wothamangitsa, ndipo palibe munthu amene angachipose liwiro. Koma moose ikamulonda, makamaka yaikazi ya mwana, pamenepo athawe n'kubisala kuseri kwa mtengo.

Mamita 275 ndi mtunda wautali kwa munthu wofuna chithunzi chabwino, ndipo ambiri amadandaula. Koma taonani zotsatira zake. Kuyambira 1917, panapita zaka 95 popanda munthu wodziwika kuti waphedwa ndi chimbalangondo m'pakiyi. Imfa yoyamba inachitika mu August 2012 pafupi ndi mtsinje wa Toklat, ndipo zithunzi za m'kamera ya malemuyo zinasonyeza kuti anakhala mphindi zingapo akujambula ali pafupi kwambiri kuposa mtunda wololedwa. Chimbalangondocho nacho chinawomberedwa. Kuyandikira kumapha mbali zonse ziwiri. N'chimodzimodzi ndi chakudya: chimbalangondo chimene chalawa bisiketi ya mlendo chimayamba kulondola matenti, ndipo mapeto ake chimaphedwa. Chigubu cholemera chija chimene woyenda amanyamula monyinyirika chimateteza nyamayo kuposa mmene chimatetezera chakudya chake.

Palibe lonjezo

Chinthu china chimene Denali imakana ndi kulonjeza. Phirilo n'lalitali moti limadzipangira mitambo yake, ndipo anthu akumeneko amati mwa alendo atatu a nyengo yofunda, mmodzi yekha ndi amene amaliona. Munthu akhoza kukhala maola asanu ndi atatu m'basi, n'kungoona caribou ziwiri chapatali ndi mvula pa windo. Palibe amene amatchera nyambo kuti mimbulu ibwere, palibe mpanda wosonkhanitsira nyama pafupi ndi msewu.

Ena amati uku ndi kulephera kusamala kasitomala. Ine ndimati ndi kunena zoona. Nyama imene ungaione nthawi iliyonse imene wafuna ndi nyama yosungidwa, ndipo malo ake ndi kumalo oonetsera nyama m'tauni. Chimene chimapatsa mtengo kuona mmbulu ukudutsa pa mchenga wa Toklat n'chakuti ukanatha osauona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo munthu akasiya kuwerenga nyama zisanu zija ngati mayeso, amayamba kuona zina. M'paki yonseyi muli mtundu umodzi wokha wa chule. M'nyengo yozizira kachuleko kamaundana, mtima n'kuima, koma shuga wochuluka m'thupi mwake amateteza ziwalo kuti zisawonongeke, ndipo kukafunda kamasungunuka n'kudumpha. Pa miyala ya pamwamba pa tundra pamaswana kambalame kotchedwa wheatear, kolemera magalamu pafupifupi 25. Chisanu chikayandikira kamauluka kudutsa Siberia ndi Arabia mpaka kum'mawa kwa Africa, ulendo wa makilomita oposa 14,000, ndipo chaka chamawa kamabwereranso. Wothamanga pa galimoto yake sangakaone. Pafupi ndi likulu la paki pali khola la agalu okoka chileyi, amene akhala akugwira ntchito kuyambira 1922. M'nyengo yozizira alonda amayendera paki pa agalu amenewa, chifukwa m'chigawo chakale cha pakiyi, chimene lamulo la 1980 linachiika pa chitetezo chapamwamba, makina saloledwa wambawamba. Oyang'anira amadzimana okha zimene amamana alendo.

Zimene otsutsa amanena

Si onse amene angagwirizane nane, ndipo zifukwa zawo zina n'zolemera. Choyamba amati malamulo otere amakomera achinyamata amphamvu ndipo amasiya kunja okalamba, olumala ndi osauka. Pa za okalamba ndi olumala, basi ndiyo imawathandiza: munthu amene sangayende kilomita imodzi amalowa m'kati mwa tchire atakhala pampando, n'kuona nyama zimene zikanathawa kalekale msewu ukanadzaza magalimoto. Pa za ndalama, n'zoona kuti ulendo wa ku Alaska ndi wodula. Koma chodula ndi ndege ndi malo ogona, osati basi ya m'paki. Kutsegula msewu sikungatsitse mtengo wa ndege ngakhale pang'ono.

Chachiwiri n'chachikulu, ndipo ndikuchivomereza. Dziko limene alendo amalitcha chipululu chosakhudzidwa silinali lopanda anthu. Mitundu ya Athabascan, monga a Koyukon, a Dena'ina, a Ahtna, a Tanana ndi a Upper Kuskokwim, inkasaka ndi kuyenda m'derali kwa zaka zikwi zambiri. Dzina lakuti Denali ndi la chinenero cha Koyukon, ndipo limatanthauza chachitali. Mu 1896 munthu wina wofunafuna golide, William Dickey, analitcha phirilo McKinley, dzina la wandale amene sanapondeko ku Alaska moyo wake wonse. Woyamba kuponda pansonga pake, pa 7 June 1913, anali Walter Harper, mnyamata wa mtundu wa Koyukon, ali pa gulu lotsogoleredwa ndi mmishonale Hudson Stuck ndi Harry Karstens. Stuck yemweyo anachonderera kuti dzina la eni dziko libwezeretsedwe. Boma la Alaska linavomera mu 1975, boma lalikulu mu 2015, koma mu January 2025 lamulo la pulezidenti linabwezeretsa dzina la McKinley pa phirilo m'zolemba za boma lalikulu, pamene paki idakali Denali. Mkangano wa dzinawu ukusonyeza kuti funso lakuti dzikoli ndi la yani silinathe.

Pamenepa tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kuletsa mlendo ndi kuthamangitsa mwini mudzi si chinthu chimodzi. Lamulo la 1980, limene linakulitsa pakiyi katatu, linazindikira zimenezi: m'madera owonjezeredwawo anthu a m'midzi monga Cantwell, Nikolai, Telida ndi Lake Minchumina amaloledwa kusaka ndi kutchera misampha kuti apeze chakudya cha pakhomo. Kumeneku ndiye kulinganiza koyenera. Amene amadalira dzikolo kuti adye akhale patsogolo, nyama zitetezedwe, ndipo wobwera kudzaona alandire zotsalazo mothokoza. Mlendo amene akudandaula kuti sanaloledwe kuyendetsa galimoto yake akumbukire kuti ena anataya zambiri kuposa zimenezo kuti paki ikhalepo.

Chachitatu amati malamulo a m'kati alibe ntchito pamene zowononga zikuchokera kunja. Ali ndi umboni. Mimbulu sidziwa malire. Mu 2010 bungwe la boma la Alaska loona za ulenje linachotsa chiletso chosaka mimbulu m'kadera koyandikana ndi paki chakumpoto chakum'mawa. Chaka chimenecho pafupifupi theka la maulendo a basi ankaona mmbulu. Patangopita zaka zochepa, sankafika ngakhale ulendo umodzi mwa khumi. Kutentha kwa dziko nako sikupempha chilolezo pachipata. Pamalo otchedwa Pretty Rocks, makilomita pafupifupi 73 kuchokera pachipata, msewu unadutsa pa phiri la nthaka yosakanikirana ndi ayezi. Ayeziyo atayamba kusungunuka phiri linayamba kutsetsereka, poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumira moti kuthira miyala sikunathandizenso. Mu August 2021 msewu unatsekedwa, mabasi n'kumabwerera pa makilomita 69, ndipo theka la msewu, kuphatikizapo Eielson, nyanja ya Wonder ndi Kantishna, linakhala losafikika pa basi. Ntchito yomanga mlatho wodumpha malowo inayamba mu 2023.

Zonsezi n'zoona, koma sizitsogolera kumene otsutsa akufuna. Wodwala amene wagwidwa ndi matenda amene sungawachize, sumuwonjezera katundu pamutu. Ngati nyama za ku Denali zikupanikizika ndi kusintha kwa nyengo ndi misampha ya kunja kwa malire, ndiye kuti chiwerengero cha magalimoto ndi mapazi, chimene oyang'anira angathe kuchilamulira, chiyenera kugwiridwa mwamphamvu kuposa kale.

Chimene chili pachiswe

Mu 2019 pakiyi inalandira alendo pafupifupi 600,000, ndipo ambiri anabwera m'miyezi itatu yokha. Mahotela, makampani a sitima zapamadzi ndi eni malo ogona amapeza ndalama pa mlendo aliyense wowonjezera, ndipo ena mwa iwo ataya zambiri chitsekedwereni msewu. Msewu wonse ukamayendanso, sipadzalephera kumveka mawu akuti tibweze zimene tinataya, tiwonjezere mabasi, tikonze njira zambiri, tifewetse malamulo. Mawu otere amamveka anzeru chifukwa aliyense amangopempha pang'ono. Koma tchire silitha tsiku limodzi. Limatha ndi basi imodzi yowonjezera, kanjira kamodzi, kanyumba kamodzi, mpaka tsiku lina munthu amafika n'kupeza malo okongola oimikapo magalimoto, nyama zitapita. Amene anatseka msewu mu 1972 anachita zimenezo zinthu zisanaipe, ndipo n'chifukwa chake lero kudakali choti n'kukangana.

Kwa mnzanga aliyense amene mwayi udzamufikitse kumeneko, kaya pa maphunziro, pa ntchito kapena pa tchuthi, malangizo anga ndi awa. Musapite ndi tsiku limodzi. Patulani masiku atatu kapena anayi kuti mitambo ikhale ndi mpata woyera. Tengani jekete lamvula, zovala zofunda ngakhale mu July, nsapato zoti zinyowe, mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi magalasi oonera patali m'malo molimbana ndi kuyandikira. Kwerani basi yam'mawa. Pena pake pemphani dalaivala akutsitseni, kwerani kaphiri kamodzi, khalani pansi ola lathunthu osalankhula. Mlonda akakuuzani kuti chigawo chimene mumafuna chatsekedwa chifukwa mimbulu ili ndi ana kumeneko, musakangane naye. Mukabwerera osaliona phirilo, musati mwaberedwa. Munapita kwa eni ake, ndipo eni akewo, a miyendo iwiri ndi a miyendo inayi, anali ndi zochita zawo tsiku limenelo.